Mbiri ya Mabala a Chivomezi ndi Tizilombo Tosamva Mankhwala

Chivomezi, ngakhale chija chachikulu chogwetsa mizinda ndi kung'amba misewu, sichikhalitsa; kawirikawiri chimayamba ndi kutha munthu asanamalize n'komwe kudzutsa ana ake, ndipo nthaka ikangokhala bata, nyumba zoulutsa mawu zimayamba kuwerenga akufa, monga ngati chiweruzo chonse chagwa m'kamphindi komweko. Koma iwo amene anatumikirapo m'zipatala za kumalo otere amachitira umboni kuti imfa imabwereranso kudzakunkha patapita sabata imodzi kapena ziwiri, atolankhani atalongedza kale katundu wawo, abale atayamba kale kuyamika Mulungu kuti wawo anatuluka wamoyo pansi pa zigumukire. Pakuti ndi nthawi imeneyo pamene bala limayamba kununkha, thupi kutentha, ndipo dokotala, atabaya jakisoni woyamba, wachiwiri ndi wachitatu, amazindikira kuti tizilombo tili m'balamo sitikumva mankhwala alionse a m'kabati mwake. Ntchito yosamalira mabala oterewa ili ndi mbiri ya zaka zoposa 100, ndipo ndi mbiri yoyenera kuisinkhasinkha mofatsa.

Tiyambire ku Messina, mzinda wa pachilumba cha Sicily, kumene m'bandakucha wa pa 28 Disembala 1908 nthaka inagwedezeka, nyanja n'kusefukira kumtunda, ndipo anthu oposa 70,000 a mumzindawo ndi a kutsidya ku Reggio Calabria anatsikira kumanda. Amalinyero a zombo zankhondo za ku Russia ndi ku Britain anafukula anthu ambiri amoyo. Koma madokotala amene analandira opulumukawo, mmodzi wa iwo von Colmers wa ku Germany amene analemba zimene anaona m'chaka chotsatira, anazizwa poona kuti ena, amene anatuluka akulankhula bwinobwino, anayamba kutupa miyendo, kufooka ndi kumwalira patapita masiku owerengeka. Chinsinsi chake chinadzamveka bwino mu 1941, pamene Eric Bywaters, dokotala wa pachipatala cha Hammersmith ku London, anafotokoza za anthu anayi opsinjidwa ndi nyumba zogwetsedwa ndi mabomba: mnofu ukapanikizidwa kwa maola ambiri umafa, ndipo cholemera chija chikachotsedwa, zonse zotuluka mu mnofu wakufawo zimakhuthukira m'magazi, mkodzo umada ndi kuchepa, impso n'kuleka ntchito.

Tsono tiyenera kumvetsa mmene bala la chivomezi lilili, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Munthu akadzicheka ndi mpeni, bala lake limakhala losalala m'mphepete, limakha magazi, ndipo magazi omwewo ndi amene amabweretsa asilikali a m'thupi pamodzi ndi mankhwala amene wodwalayo wamwa. Koma khoma likagwera mwendo, mnofu umaphwanyika, mitsempha imafinyika, fumbi la njerwa ndi la simenti, tizidutswa ta matabwa ndi nsanza za zovala zimakankhidwira mkati mwenimweni. Ndipo popeza munthuyo amagona pomwepo usana ndi usiku wosatha kusuntha, amadziyipitsira, mapaipi osweka a zimbudzi nawonso amathira madzi ake pamalopo, kotero kuti tizilombo ta m'matumbo timasakanikirana ndi ta m'dothi m'bala limodzi. Mu mnofu wakufa magazi sayenda, ndipo kumene magazi safika mankhwala safikanso, kaya akhale a mtengo wapatali chotani. Mnofu umenewo umangosanduka chakudya cha tizilombo.

Luso lothana ndi bala lotere linabadwira m'nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ija makolo athu anaitcha ya Chiwaya, m'minda ya ku France ndi ku Belgium imene inakhala ikuthiridwa manyowa kwa mibadwomibadwo, mmene msilikali akalasidwa ndi chidutswa cha bomba, dothi lonenepalo linkalowa nacho pamodzi, mwendo n'kuola. Alexander Fleming, amene panthawiyo anali dokotala wachinyamata wogwira ntchito pansi pa Almroth Wright ku Boulogne, anaonetsa kuti mankhwala aukali amene ankathiridwa m'mabala sankafika m'ngodya zonse za bala lakuya, ndipo ankapha asilikali a m'thupi kuposa tizilombo timene anawathirira. Antoine Depage wa ku Belgium, pachipatala chake cha ku La Panne, pamodzi ndi madokotala ena a opaleshoni, anatsitsimutsa njira ina yakale yofuna kulimba mtima: kulikulitsa balalo ndi mpeni, kudula mnofu wonse wakufa kufikira pamene papezeka mnofu wofiira wokha magazi, kuchotsa chonyansa chilichonse, kutsuka ndi madzi ambiri, ndipo pambuyo pa zonsezi, osasoka. Bala limasiyidwa chitsegukire, litaphimbidwa ndi nsalu yoyera, ndipo pakapita masiku anayi kapena asanu, dokotala akaona kuti mulibe mafinya, ndi pamene amalitseka.

Lamulo limeneli ndi lolemetsa mtima, ndipo sindidabwa kuti laswedwa kambirimbiri. Mbale wa wodwala akaona mwendo wa mwana wake uli yasa, mnofu uli poyera, amayesa kuti madokotala amutaya. Wothandiza wachifundo amene wafika kumene, ali ndi singano ndi ulusi m'chikwama, amamva m'mtima mwake kuti ntchito yake sinathe kufikira khungu litakumana ndi khungu linzake. Komatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Bala lauve likasokedwa tsiku loyamba limaoneka bwino kunja, pamene mkati, mopanda mpweya, tizilombo tikuswana, kufikira tsiku limene ulusi udzaduke wokha ndi mafinya, ndipo mwendo umene ukanapulumuka ndi mpeni waung'ono udzafune sowo.

Fleming yemweyo ndi amene mu 1928 anaona nkhungu ikupha mabakiteriya m'mbale yake ya mu labotale, ndipo Howard Florey, Ernst Chain ndi anzawo a ku Oxford atayenga penisilini kukhala mankhwala enieni, asilikali a nkhondo yachiwiri anachira mabala amene akanapha atate awo. Linali dalitso lalikulu, ndipo palibe munthu wanzeru amene angalichepse. Koma polandira mphoto ya Nobel mu 1945, Fleming anachenjeza kuti munthu womwa mankhwala osakwanira amaphunzitsa tizilombo kupima. Ndipo mawu a akulu akoma akagonera, pakuti pofika m'ma 1950 mabakiteriya a Staphylococcus a m'zipatala zambiri anali atasiya kumva penisilini, ndipo methicillin, amene anapangidwa kuti awagonjetse, anapeza omukana ku England mu 1961, asanathe n'komwe zaka ziwiri pantchito. Ngakhale zinali choncho, kwa zaka makumi angapo mankhwala atsopano ankatuluka akale asanatheretu mphamvu, ndipo chikhulupiriro chinakhazikika m'mitima ya ambiri chakuti cholakwika chilichonse cha mpeni kapena cha manja osasamba, jakisoni adzachikonza.

Chivomezi cha ku Spitak m'dziko la Armenia, cha pa 7 Disembala 1988, chimene chinapha anthu pafupifupi 25,000, chinaphunzitsa dziko za impso: makina otsuka magazi anafika mochedwa ndiponso mosalongosoka, ndipo bungwe la International Society of Nephrology linakhazikitsa gulu lokhala chire kuthamangira kumalo a ngozi zotere. Chotero pamene dera la Marmara ku Turkey linagwedezeka pa 17 Ogasiti 1999, cha m'ma 3 koloko usiku anthu ali m'tulo, n'kupha oposa 17,000, thandizo la impso linafika msanga, ndipo Mehmet Şükrü Sever wa ku Istanbul ndi anzake anasunga kaundula wa odwala mosamala kuposa pa chivomezi china chilichonse cha m'mbuyomo. Analemba anthu 639 amene impso zawo zinavulala, ndipo 477 mwa iwo anaikidwa pa makina otsuka magazi. M'kaundula yemweyo ndi mmene munaonekera chinthu chimene chinasautsa madokotala a opaleshoni. Mnofu wa mwendo umakutidwa ndi thumba lolimba losatamuka, ndipo ukatupa umadzifinya wokha mpaka magazi kuleka kuyenda; pofuna kupulumutsa mwendo, dokotala amang'amba khungu ndi thumbalo mlitali, kuchokera pafupi ndi bondo kutsikira kukakolo. Pafupifupi theka la odwala aja anang'ambidwa motero, ndipo zinapezeka kuti mwa iwo ndi mmene tizilombo tinalowerera m'magazi kwambiri, kulowerera kumene kunali khomo la imfa kwa ambiri. Mwendo umene unafika kuchipatala khungu lili lotseka unapatsidwa bala lalitali ndi dzanja lofuna kuuchiritsa. N'chifukwa chake malangizo amene Sever ndi Raymond Vanholder wa ku Ghent anatsogolera polemba mu 2012 amati mwendo wopsinjidwa usang'ambidwe mwachizolowezi popanda zizindikiro zooneka, ndi kuti wopsinjidwayo aikidwe diripi msanga, ngati n'kotheka akadali pansi pa zibuma, kuti impso zitsukike zisanatseke.

Ku Marmara komweko ndi kumene dzina la Acinetobacter baumannii linayamba kumveka pa nkhani za zivomezi. Pachipatala cha asilikali cha Haydarpaşa ku Istanbul, kachilombo aka, kamene kankapezeka mwa apo ndi apo chivomezi chisanachitike, kanakhala kotsogola pa matenda onse amene ovulala anatengera m'chipatalamo, ndipo mitundu ina ya iko sinamve mankhwala alionse amene anayesedwa. Kuti owerenga amvetse kuopsa kwake, tikumbukire kuti mu 1884 Hans Christian Gram wa ku Denmark anapeza njira yogawira mabakiteriya pawiri powapaka utoto: ena amausunga, ena amautaya akatsukidwa. Otaya utotowa ali ndi chikopa chachiwiri chakunja chimene chimatchinga mankhwala ambiri, ali ndi timapampu totulutsa mankhwala amene alowa, ndipo amapatsirana okhaokha tizidutswa ta chibadwa tonyamula nzeru yophwanya mankhwala, ngakhale pakati pa mitundu yosiyana. M'gulu limeneli muli Escherichia coli, Klebsiella ndi Enterobacter a m'matumbo, Pseudomonas wokonda malo onyowa, ndi Acinetobacter, amene mphamvu yake yapadera ndi kupirira pouma: amakhala wamoyo kwa masabata pa chitsulo cha bedi, pa katani, pa batani la makina opumira, kudikira dzanja lomunyamula.

Funso limene linavuta kwa zaka zingapo linali lakuti, kodi kachilombo aka kamachokera kuti? Ambiri ankati ndi ka m'dothi, kamalowa pamodzi ndi fumbi la nyumba yogwa. Yankho linachokera kunkhondo kachiwirinso. Kuyambira mu 2003 asilikali a America ovulala ku Iraq ankafika nako ku Landstuhl m'dziko la Germany ndi ku Walter Reed ku Washington, mpaka kanapatsidwa dzina lonyoza lakuti Iraqibacter. Ofufuza a gulu lankhondolo, m'zimene anasindikiza mu 2007, anapima khungu la ovulala 160 n'kukapeza pa mmodzi yekha. Anapima dothi lotapidwa malo 49 n'kukapeza pamodzi pokha. Koma m'zipatala zonse 7 za kunkhondo zimene anapima, kanapezekamo. Apa m'pamene mbiri ya mabala inatembenukira, pakuti zinaonekera kuti fumbi ndi chimbudzi zimabweretsa tizilombo toyamba, koma touma mutu kwambiri, tija tokana mankhwala onse, kawirikawiri timamudikirira wovulala m'nyumba imene wathawirako kuti apulumuke.

Ndisamveke ngati ndikuloza chala anamwino ndi madokotala, pakuti ine ndimawaona ngati anthu osenza goli loposa mphamvu za munthu. Taganizirani chipatala chomangidwira odwala mazana awiri chitalandira chikwi tsiku limodzi, ena atagona m'makonde, ena pabwalo chifukwa choopa makoma ong'aluka. Mipope yauma, magetsi azima, makina ophera tizilombo pa zipangizo sakuyaka, magolovesi atha, labotale yagwa, ndipo namwino amene sakudziwa ngati ana ake ali moyo akuchoka pa bala ili kupita pa bala ilo kwa maola makumi awiri osakhala pansi. Popanda labotale dokotala amalasa mumdima, napereka mankhwala amphamvu kwa aliyense. Mankhwalawo amapha tizilombo tofooka tonse, n'kusiyira malo tolimba tokhatokha. Kenaka wodwala amanyamulidwa kupita kuchipatala chachiwiri ndi chachitatu, ali ndi paipi ya mkodzo, paipi ya pakhosi yotsukira magazi ndi bala lotseguka, ndipo paliponse pamene wagona amatolapo kena, n'kusiyapo kena.

Zaka zotsatira zinangotsimikiza umboni umenewu. Pambuyo pa chivomezi cha m'nyanja ya India cha pa 26 Disembala 2004 ndi mafunde ake, alendo 17 ovulala kwambiri amene anatengedwa pandege kupita ku Cologne anapezeka ndi tizilombo tosamva mankhwala ambiri, tosazolowereka m'chipatala chimene chinawalandira. Ku Wenchuan, m'chigawo cha Sichuan ku China, kumene chivomezi cha pa 12 Meyi 2008 chinapha anthu pafupifupi 69,000 ndi kuvulaza oposa 370,000, madokotala a pachipatala cha West China ku Chengdu anapeza kuti ochuluka m'mabala anali aja otaya utoto wa Gram, Acinetobacter ali pakati pa otsogola. Ndipo ovulala pafupifupi 10,000 anatumizidwa kuzipatala za m'zigawo zina.

Pano ndipatuke pang'ono, pakuti nkhaniyi siili kutali ndi ife monga mmene mayina a mizindayi angatiganizitsire. Nyanja ya Malawi yagona m'chigwa chachikulu chimene nthaka ya Africa ikung'ambikira, ndipo akuluakulu a ku Salima akukumbukira za Malichi 1989, pamene anthu 9 anafa ndipo zikwi zambiri zinasowa pogona. A ku Karonga nawo akukumbukira Disembala 2009, pamene nthaka inanjenjemera kwa masabata, anthu anayi n'kufa, oposa mazana awiri n'kuvulala. Zivomezi zimenezi zinagwera nyumba zazifupi, ndipo ovulala anali owerengeka. Koma midadada yosanjikizana ikukwera m'mizinda yathu chaka ndi chaka. Tizilombo nato tilipo kale. Kafukufuku wa magazi a odwala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wa zaka za 1998 mpaka 2016, anaonetsa kuti pofika kumapeto kwa nyengoyo, pafupifupi 9 pa 10 alionse a Klebsiella opezeka m'magazi anali ndi mphamvu yophwanya mankhwala a m'gulu la ceftriaxone, jakisoni amene zipatala zathu zimadalira koposa. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Usanathe mwezi chichitikire cha ku Karonga, pa 12 Januwale 2010, mzinda wa Port-au-Prince ku Haiti unagwa, ndipo boma la dzikolo linawerenga akufa oposa 200,000. Madokotala a chipatala cha m'mahema cha asilikali a Israel, amene anabwera ndi labotale yawoyawo, anapima mafinya ndi kupeza kuti mabala ambiri anali ndi mitundu ingapo ya tizilombo nthawi imodzi, ndipo pafupifupi tonse tinali totaya utoto wa Gram, tambiri tosamva mankhwala. Koma malangizo amene magulu othandiza ankatsatira nthawiyo ankatchula mankhwala olimbana makamaka ndi tizilombo ta gulu linalo. Kunena kwina, odwala ankalandira mankhwala mokhulupirika, koma olasa mdani amene sanali m'balamo. Ku Haiti kunafikanso magulu ambirimbiri a othandiza, ena odziwa ntchito ya pangozi, ena odzala chifundo koma osaidziwa. Mabala auve anasokedwa, miyendo ndi manja zinadulidwa popanda cholembedwa chilichonse, ndipo odulawo atakwera ndege, odulidwawo anatsala opanda wowatsuka zilonda. Chisoni chimenechi ndi chimene chinachititsa bungwe la World Health Organization kutulutsa mu 2013 miyezo imene gulu lililonse la zachipatala lochokera kunja liyenera kukwaniritsa: kulembetsa kwa eni dziko, kubwera ndi madzi ake, njira yake yophera tizilombo pa zipangizo ndi yotayira zinyalala, ndiponso kusunga kaundula wa wodwala aliyense. Mu 2017 bungwe lomwelo linaika Acinetobacter baumannii wosamva mankhwala a carbapenem m'gulu loyamba la tizilombo tofunika mankhwala atsopano mwachangu.

Ma carbapenem amenewa ndiwo anali linga lodalirika kwa zaka zambiri, ndipo pamene chivomezi cha pa 6 Febuluwale 2023 chinakantha Kahramanmaraş ndi Hatay ku Turkey, ndiponso kumpoto kwa Syria, cha m'ma 4 koloko m'mawa, chinzake n'kutsatira patapita maola 9, lingalo linali litagumuka kale m'zipatala zambiri za kuderalo. Anthu oposa 50,000 anafa ku Turkey kokha, ndi zikwi zina ku Syria, kumene zaka 12 za nkhondo zinali zitagwetsa zipatala ndi kuzoloweretsa tizilombo mankhwala operekedwa mwachisawawa, ndiponso kumene magalimoto oyamba a United Nations anadutsa pachipata cha Bab al-Hawa patapita masiku atatu. Inali nyengo ya chisanu choopsa. Zipatala zina za ku Hatay zinagwa pamodzi ndi odwala ake, ndipo ovulala ananyamulidwa pa ndege, pa ambulansi ndi pa zombo kupita ku Adana, Mersin, Ankara ndi Istanbul. M'zipinda za odwala mwakayakaya munapezekanso Acinetobacter, Klebsiella ndi Pseudomonas, ambiri a iwo osamva carbapenem.

Zikafika pamenepo, dokotala amatsegula kabati ya mankhwala amene anasiyidwa kalekale. Colistin anapezeka ku Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo m'ma 1970 anayamba kusiyidwa chifukwa chakuti amawononga impso. Anadzabwereranso pantchito pamene ena onse analephera. Koma taonani tsoka lake: wopsinjidwa ndi khoma ndi munthu amene impso zake zavulala kale, kotero kuti mankhwala otsala okhawo amakantha chiwalo chomwecho chimene madokotala akulimbana usana ndi usiku kuti achipulumutse, akachepetsa muyezo, tizilombo timapima, akauwonjezera, impso zimalefuka. Ndipo colistin yemweyo, amene kwa zaka zambiri ankasakanizidwa m'chakudya cha nkhumba ndi nkhuku kuti zikule msanga, anapezeka mu 2015 ku China kuti ali ndi omukana amene amapatsirana kukanako kuchokera ku mtundu wina kupita ku unzake, ndipo boma la China linaletsa kudyetsa ziweto mankhwalawa mu 2017. Chotero m'masabata otsatira chivomezi cha 2023, ovulala ambiri amene anatuluka m'chipatala ndi miyendo yawo anali aja amene anabwezedwa m'chipinda cha opaleshoni kawirikawiri, masiku awiri kapena atatu alionse, kukadulidwa mnofu umene wafa chidulireni komaliza, kutsukidwa, ndi kuphimbidwanso osasokedwa, ena kasanu, ena koposa, kufikira pansi pa balapo pataoneka mnofu wofiira woyenera kulandira khungu lotengedwa pantchafu.